Nyumba ya Mandala ndi ena onse amene anadutsamo



Mwandipempha kuti ndikambe za Blantyre wakale. Ine ndasankha nyumba imodzi yokha, chifukwa ndaona kuti munthu wobwerera kwawo safunsa za mzinda wonse. Amaima pakhonde limodzi ndi kufunsa kuti, kodi sitolo inali pano ija inapita kuti? Tsono tiyeni tiime pakhonde la nyumba ya Mandala.

Nyumbayi inamangidwa mu 1882, patangopita zaka zisanu ndi chimodzi amishoni a ku Scotland atakhazikika pa Blantyre mu 1876. Eni ake anali a kampani ya ku Glasgow imene inayamba mu 1878, yomwe pambuyo pake inadziwika kuti African Lakes Corporation. Oyendetsa ake anali apachibale awiri, John ndi Fred Moir. John ankavala magalasi, ndipo makolo athu poona kunyezimira kwake anamutcha Mandala. Dzinalo linachoka pa munthu n'kupita pa nyumba, pa kampani, pa masitolo ake m'dziko lonse, kenaka pa dera lonselo. Taonani, mwini wake anali Mzungu, koma dzina tinapereka ndife.

Poyamba inali nyumba ya bwana wa kampani komanso likulu la malonda. Apa ndi pamene pankafikira minyanga ya njovu, nsalu ndi mikanda. Magalimoto kunalibe. Katundu ankabwera pa sitima za pamtsinje wa Shire, ndipo amtengatenga ankamusenza pamutu kukwera naye kuno kumtunda. Maina a abwana analembedwa m'mabuku. Maina a amtengatenga aja ndani akuwadziwa?

Mu January 1915 anthu a John Chilembwe anabwera usiku kudzathyola nyumba ya zida ya kampaniyi pa Mandala pomwepa. Anangopeza mfuti zowerengeka, ndipo ena mwa iwo anagwidwa naphedwa. Choncho malo amene ankagulitsa nsalu anaonanso magazi a anthu ofuna ufulu.

Ine ndili mwana, bambo anga ankandiuza kuti m'masiku a atsamunda, m'masitolo ambiri a Azungu munthu wakuda sankalowa pakhomo. Ankagulira pawindo, ndalama yake yomweyo, chipewa chili m'manja. Ufulu utabwera mu 1964 tinati basi, makomo atseguka. Koma inu mukudziwa bwino zimene zinatsatira.

Mu 1966 kunabwera lamulo la Forfeiture Act, lopatsa boma mphamvu yolanda katundu wa munthu. Nyumba ndi masitolo zinasintha eni popanda kugulana. M'zaka za m'ma 1970 Amwenye anauzidwa kuti achoke m'malo a malonda a kumidzi, ndipo pofika 1978 ankaloledwa kuchita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Cholinga ankati n'chakuti Amalawi atenge malondawo. Koma ambiri analibe mpamba, analibenso wowakongoza katundu. Kwathu ndinaona ndi maso anga sitolo imene tinkagulamo sopo ndi palafini itasanduka chigayo, kenaka shabini, kenaka tchalitchi. Telala amene ankasoka pakhonde pake anatsala yekha ndi makina ake, osowa wogula nsalu woti amusokere. Pomaliza denga linagwa, mbuzi n'kumagonamo.

Ena mwa inu munabwerera pambuyo pa riferendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha pa 17 May 1994, n'kupeza mlendo akugulitsa m'sitolo ya bambo anu. Malamulo a dziko a 1994 anakhazikitsa National Compensation Tribunal yoti imve madandaulo otere. Koma ngakhale munthu atalandira chipepeso, ndalama sibweza zaka zimene khomo lija linali lotsekedwa kwa iye.

Nanga nyumba ya Mandala inapulumuka bwanji? Inapulumuka chifukwa nthawi zonse inapeza ntchito yatsopano. Kampani imene inaimanga inasiya malonda ake kuno, koma nyumbayo boma linaiika m'gulu la nyumba zotetezedwa monga chuma cha fuko. M'chipinda chapamwamba munalowa laibulale ya Society of Malawi, bungwe limene linayamba mu 1946 ndi dzina loti Nyasaland Society. Pansi panadzakhala malo ogulitsira zojambula ndi zosema za amisiri athu. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Onse amene anadzitcha eni nyumbayi anali mame. Makoma ndiwo atsala.

Nkhawa yanga ndi iyi. Mandala ili ndi mbiri yolembedwa chifukwa eni ake ankalemba. Nanga masitolo ang'onoang'ono a ku Limbe, ku Zomba, ku Dedza ndi ku Nkhotakota? Ikagwetsedwa imodzi, pamagwa umboni wa amene anaimanga, amene analandidwa ndi amene anapindula. Dziko losadziwa m'mene sitolo inachokera m'manja mwa uyu kupita kwa uyo, tsiku lina lidzalola kuti zichitikenso.

Tsono pempho langa ndi laling'ono. Aliyense asankhe nyumba imodzi ya m'tauni yakwawo. Pitani kwa agogo amene ankagulamo, kwa telala wapakhonde, kwa mlonda wakale. Funsani kuti munali yani, anachoka liti, anachoka chifukwa chiyani. Lembani m'kope, zaka ndi maina, zokoma ndi zowawa zomwe. Mukatero mupatse ana anu, kope lina mukasiye ku laibulale. Musadikire kuti agogowo atsikire kuli chete.