Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsekera Maphunziro a Kalembedwe ka Chingerezi ku Ntcheu

Ndapereka ulemu kwa mafumu athu muli pano, akuluakulu a zamaphunziro m'boma lino, atsogoleri a mipingo, aphunzitsi amene mwavutika ndi ana awa masabata apitawa, makolo, ndi inu ophunzira a m'makoleji, eni ake a mwambo uno. Ndinakonzeka kuyankhula m'Chingerezi poti nkhani yake ndi ya Chingerezi, koma nditaona agogo akhala kutsogolo kuno ndabweza maganizo. Fizi ya ana awa imachokera m'madimba a tomato ndi kabichi ku Lizulu, ndi m'matumba a kachewere ku Tsangano. Wolipira ayenera kumva chimene ndalama yake ikugula.

Chimangirizo changa choyamba ku koleji chinabwerera chili psuu, ngati apherapo nkhuku. Chingerezi cha Fomu 4 ndinali nditakhoza bwino, kumudzi ankandipatsa ine makalata a ku Joni kuti ndiwerengere anthu, ndiye ndinkadziona ngati katswiri. M'chimangirizomo ndinathiramo mawu aakulu onse amene ndinatola m'dikishonale. Mphunzitsi uja sanatsutse ngakhale limodzi mwa mawuwo. Pansi penipeni anangolemba funso: kodi iwe ukufuna kunena chiyani? Ndinanyanyala sabata yathunthu. Nditaphwa mtima ndinawerenganso masamba anga asanu aja, ndipo funsolo ndinalephera kuliyankha.

Si kuti ana athu ndi mbuli ayi. Taonani njira imene ayenda. Mu 1968 boma linasankha Chichewa kukhala chiyankhulo cha fuko, Chingerezi n'kukhala cha m'maofesi ndi m'maphunziro apamwamba. Mu 1996 unduna unalamula kuti kuyambira Sitandade 1 mpaka 4 ana aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo. Kenaka lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kuti chikhale chophunzitsira. Malamulo asinthasintha chonchi, koma mwana wa kwa Ganya kapena kwa Njolomole akadzuka amapereka moni m'Chichewa, amatsatsa malonda m'Chichewa, amakangana za mpira m'Chichewa. Chingerezi amachipeza pakhomo la kalasi, n'kuchisiyanso pomwepo poweruka. Akakhoza MSCE ndi kirediti ya Chingerezi amapita ku Zomba, ku Mzuzu, ku Bunda kapena pompano pa Lakeview ku Mlangeni, kumene amamuuza kuti alembe masamba khumi otsutsana ndi mabuku a mapulofesa. Chingerezi chokhozera mayeso ali nacho. Chimene sanaphunzirepo ndi kuimika mlandu papepala.

Ndati mlandu, ndipo mafumu mundikhululukire, ndibwereka bwalo lanu pang'ono. Munthu akabwera kudzadandaula kuti mnzake walowa malire a munda, simumulola kuti angolira. Mumati fotokoza chakubweretsa. Akafotokoza mumati mboni yako ndani, malirewo anaika ndani, chaka chiti, mtengo wa chizindikiro uli pati. Kenaka mumapatsa mpata winayo, ndipo wodandaula uja ayenera kuyankha zimene mnzake wanena, osati kungobwereza zake mokweza mawu. Akati anthu onse akudziwa, nduna imamudula: chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Ana inu, kalembedwe ka ku koleji n'komweko. Mfundo yako ndiyo dandaulo. Mabuku ndi kafukufuku ndizo mboni. Wolemba amene sakugwirizana nawe ndiye mnzako wa mlandu, ndipo ukamubisa, woweruza, amene ndi mphunzitsi wako, amadziwa kuti ukumuopa. Luso limeneli munaliona muli ana, mutakhala kumbuyo kwa bwalo mukusenda nzimbe. Musalisiye pa geti ya koleji ngati katundu wachimidzi.

Pali malo amodzi pamene mwambo wathu ndi pepala la ku koleji zimasiyana njira, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa. Ife munthu waulemu salasa nkhani. Ukapita kukapempha mbeta suyamba ndi dzina la mtsikana. Umayamba ndi mvula, ndi za ulendo, ndi mwambi, mfundo n'kudzatulukira kumapeto anthu atakhazikika. Ndi nzeru imeneyo, ndipo ine sindidzainyoza. Koma mphunzitsi ali ndi mapepala 200 patebulo, magetsi azima, akuwerengera tochi ya foni. Iye amafuna kuti m'ndime yoyamba momwemo umuuze kuti ine ndikuti chakuti, pa zifukwa izi. Wophunzira wathu amaona ngati kutero n'chipongwe, ngati mwana akuloza akulu chala. Ndiye amayambira kutali, kunena kuti chilengedwere dziko anthu akhala akulima, tsamba loyamba n'kutha asanafike pa Tsangano. Ngati funso likuti chifukwa chiyani mlimi wa kachewere amapeza zochepa pamene wogula wa ku Blantyre amalipira zambiri, yankha pa chiganizo choyamba: ndi msewu, kapena ndi mavenda, kapena ndi kusowa posungira. Sankha, uime pomwepo, ndipo ndime iliyonse yotsatira isenze mfundo imodzi ndi mboni yake. Ndime ili ngati dengu la pamutu: ukaphatikiza ufa, nsomba ndi makala, ukafika kunyumba palibe chodyeka.

Za galamala sindichulukitsa, aphunzitsi anu achita kale mbali yawo. Ndingoti zolakwa zambiri zili ndi gwero, si ufiti. Ife timati iye, kaya ndi bambo kaya ndi mayi, n'chifukwa chake he ndi she zimasinthana m'ndime imodzi mpaka agogo aakazi kusanduka aamuna. Tilibe timawu tija a ndi the, ndiye timatimwaza ngati mchere kapena kutiiwala kumene. L ndi r kwa ife n'chimodzimodzi, koma papepala la Chingerezi kusinthanitsa zilembo ziwirizi kumasandutsa kupemphera kukhala kusewera. Mneni wathu kumva amagwira ntchito ya khutu, ya mphuno, ya thupi ndi ya mutu, pamene Mngerezi ali ndi liwu losiyana pa chilichonse. Wophunzira akadziwa kuti ine ndimapunthwa apa ndi apa, amalemba timisampha take pakapepala n'kumayang'ana asanapereke asayimenti. Zimenezi zimachira msanga. Chosachira msanga ndi pepala la galamala yoyera bwino koma lopanda chonena.

Tsopano nkhani yowawa. Masiku ano ndi bandulo ya intaneti yotchipa, munthu amakopera ndime yathunthu kapena kufunsa ChatGPT, n'kulembapo dzina lake. Ena mwa inu mukuseka, ndiye kuti mukuidziwa. Kumudzi munthu wokolola m'munda mwa mnzake dzina lake timalidziwa. Koma ndisangokalipa, chifukwa ambiri amene ndawagwirapo sanali akuba mumtima. Anali amantha. Amaona chiganizo cha m'buku chosalala, chawo chokhotakhota, n'kunena kuti ine ndingachikonze bwanji choposa apa. Mankhwala ake ndi awa: werenga ndimeyo, tseka buku, mufotokozere mnzako m'Chichewa zimene wamva. Ukalephera, sunamve, bwerera ukawerengenso. Ukatha, lemba m'Chingerezi chako chomwecho, ndipo utchule mwini nzeruyo ndi chaka cha buku lake. Kutchula mwini si kudzichepetsa. Ngakhale pamaliro wolengeza amati uthengawu wachokera kwa akuti. Alipo aphunzitsi amene amaletsa Chichewa ngakhale pokambirana m'magulu. Ine ndimasiyana nawo. Mwana aganize m'chiyankhulo chimene amalotera, kenaka awolotse ganizolo. Choletsedwa n'kuwolotsa liwu ndi liwu.

Mwina wina akufunsa kuti kuvutika konseku n'kwa digiri basi? Pitani mulaibulale mukafufuze za Angoni a kwa Gomani. Mudzapeza mabuku a Margaret Read, mayi wa ku England amene anakhala pakati pa makolo athu m'zaka za m'ma 1930 n'kulemba The Ngoni of Nyasaland mu 1956, kenaka Children of Their Fathers. Anagwira ntchito yabwino, ndipo tikumuthokoza. Koma za kuphedwa kwa Inkosi Gomani Chikuse ndi asilikali a atsamunda mu 1896, ndi za Inkosi Gomani yachiwiri imene inakana chitaganya mu 1953 mpaka kuchotsedwa pampando, zambiri zimene dziko limawerenga zinalembedwa ndi alendo, kuchokera m'mafayilo a boma lomwe linkalimbana nawolo. Agogo amene anamva nkhanizi kwa makolo awo akutha. Chaka ndi chaka timavina ngoma pa Umhlangano ku Nkolimbo, koma ndi angati mwa ife akhala pansi ndi nkhalamba, kujambula mawu ake, kuwayerekeza ndi zolembedwa, n'kutulutsa pepala loti wophunzira wa ku Cape Town kapena ku London alitchule ngati mboni? Adzalemba zimenezo ndi mmodzi wa inu, ndipo adzafunika Chichewa chofunsira agogo ndi Chingerezi choimikira mlandu.

Kwa akuluakulu a makoleji ndili ndi pempho limodzi. Phunziro la luso la chiyankhulo la m'chaka choyamba silikwanira lokha. Wophunzitsa zaulimi, zaumoyo kapena zamalonda asamati kalembedwe ndi ntchito ya a Chingerezi. Ndipo muziwalola ana kulembanso pepala mutalichonga. Kungolemba 45 pakona n'kubweza sikuphunzitsa kanthu. Ine chimangirizo chofiira chija ndinachilemba katatu, ndipo kachitatuko chinali masamba awiri okha. Makolo, mwana akabwera ku holide n'kukhala pakhonde ndi buku, musamati ayamba ulesi. Mufunseni akuuzeni m'Chichewa zimene akuwerengazo, ndipo akayamba kuzungulira, mumudule monga zimachitira nduna.

Ndaona amayi ophika akundiyang'ana, ndiye kuti nsima yapsa. A mtsogoleri wa mwambo, ndi chilolezo cha mafumu, ndikulengeza kuti maphunziro awa atsekedwa, ndipo ophunzira abwere mmodzimmodzi adzalandire masatifiketi awo.