Laputopu ya Mlembi wa Kalabu ndi Windows Yatsopano

Nkhani ya lero ikuchokera kudera la fodya la Kasungu, koma ikukhudza aliyense amene amasunga zolemba zake m'kompyuta yonyamula m'manja, imene ambiri amaitcha laputopu.

Ku Santhe, ku Chamama ndi ku Nkhamenya alipo alembi a makalabu a alimi ndi akalaliki a m'maesiteti amene sadaliranso mabuku okha. Maina a alimi, matumba a feteleza otengedwa pa ngongole, chimanga chimene tenanti analandira, manambala a mabelo opita ku msika wa Chinkhoma, zonsezi zimagona m'kabokosi kamodzi. Kaŵirikaŵiri kabokosiko kamakhala ka kaunjika, kamene kanagwira kale ntchito zaka zingapo kunja kasanafike m'dziko muno.

M'laputopu iliyonse muli pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zina zonse, monga momwe kapitawo amagaŵira ntchito pa esiteti. Yodziŵika kwambiri ndi Windows, yopangidwa ndi kampani ya Microsoft ya ku America. Windows 10 inatuluka m'chaka cha 2015, Windows 11 inatsatira m'chaka cha 2021, ndipo pa 14 Okutobala 2025 kampaniyo inaleka kutumiza kwa anthu onse zigamba zotsekera mipata ya akuba mu Windows 10, kupatula kwa okhawo amene analembetsa kuti aonjezeredwe nthaŵi. Ndi chifukwa chake uthenga wokopa umatulukira pa galasi, kumuuza mwini makina kuti asinthe. Kudina batani lovomera ndi ntchito ya kamphindi, koma zotsatira zake zikhoza kumutsata mlembi nyengo yonse.

Choyamba, si laputopu iliyonse imene ingasenze Windows 11. Pulogalamuyi imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo makina ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2018 saloledwa. Amisiri ena a m'tauni amadziŵa njira zozembera lamuloli, ndipo makinawo amayaka ndithu. Koma Microsoft inanena poyera kuti makina okakamizidwa chotero sakulonjezedwa kulandira zigamba zam'tsogolo. Ng'ombe yokalamba ikhoza kumangidwa pa ngolo yodzaza mabelo, koma mwini wake asadabwe ikagona pakati pa mseu.

Vuto lalikulu koposa ndi kutayika kwa zolemba. Ena amayesa kuti izi zimagwera anthu osadziŵa okha, koma si choncho ayi. M'mwezi wa Okutobala 2018 Microsoft yomwe inatulutsa kusintha kwina kwa Windows 10 kumene kunafufuta zolemba ndi zithunzi za anthu ena, mpaka kampaniyo inakuimitsa patangopita masiku ochepa. Ngati zotere zinachitika kumaiko kumene magetsi sazimazima, nanga bwanji kumene amathima osatsazika? Ntchito yosintha imatenga ola kapena kuposerapo, makina akuzima ndi kudziyatsa okha kangapo. Batire ya laputopu ya kaunjika nthaŵi zambiri imakhala yotopa. Magetsi akathima pakati pa ntchitoyo, yakale itachotsedwa theka, yatsopano isanakhazikike, makinawo akhoza kukana kuyaka. Bandulo ya intaneti nayonso ikhoza kutha panjira, pakuti pulogalamuyi ndi ya magigabaiti angapo.

Ngakhale zonse zitayenda bwino, makina akale osindikizira malisiti kapena pulogalamu yakale yoŵerengetsera ndalama ikhoza kukana kumvana ndi Windows yatsopano. Khomo lobwerera ku yakale lilipo, koma limatsekedwa pakapita masiku 10.

Palinso msampha wina umene ochepa amaudziŵa. Makina ena, akaikidwa Windows 11 mwatsopano, amakhoma zolemba zonse kuti wakuba asaziŵerenge. Ichi ndi chinthu chabwino. Koma kiyi wotsegulira, amene ndi mndandanda wa manambala 48, amasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya munthu amene analoŵa poyamba. Ngati mmisiri, pofulumira, analembapo akaunti yake, ndiye kuti kiyi wa ngongole za kalabu yonse ali m'manja mwa munthu amene maŵa akhoza kusamukira ku Mzuzu kapena ku Johannesburg. Safunsa anadya phula. Mlembi afunse, ndipo manambalawo alembedwe papepala.

Kodi tsono ndi bwino kungokhala osasintha? Ayi, kumenekonso kuli minga. M'mwezi wa Meyi 2017 pulogalamu yoononga yotchedwa WannaCry inafalikira m'maiko pafupifupi 150, nikhoma makompyuta mpaka m'zipatala za ku Britain, kumene odwala ena anabwezedwa. Chigamba choteteza chinali chitatuluka kale m'mwezi wa Malichi, koma makina ambiri anali asanachilandire. Laputopu yosalandiranso zigamba, imene imaloŵa pa intaneti ndi kulandira mafulashi a anthu osiyanasiyana, ili ngati nkhokwe yopanda chitseko.

Chachikulu ndi kusankha nthaŵi. Palibe mlimi wanzeru amene amasasula denga la chigafa fodya ali wopachika m'kati. Msika wa fodya umayamba chakumapeto kwa dzinja, ndipo kuyambira pamenepo mpaka mlimi womaliza atalandira ndalama zake ndi ngongole zonse zitadulidwa, laputopu ya kalabu isasinthidwe. Belo limodzi likasoŵa m'kaundula m'miyezi imeneyi, mlandu wake umagwera mlembi, ndipo anthu amene akhetsa thukuta chaka chathunthu sadzamva zakuti kompyuta inalakwa.

Msika ukatsekedwa, zolemba zonse zikoperedwe pa mafulashi aŵiri, imodzi ikasungidwe kwa msungichuma. Fulashiyo iyesedwe kaye pa kompyuta ina, chifukwa ilipo yabodza imene imaonetsa maina a zolemba m'kati mulibe kanthu. Masamba a ngongole asindikizidwe papepala, wapampando asaine. Pokhapo mpamene makinawo angapite kwa mmisiri, pamalo pamene pali magetsi a dzuŵa kapena jenereta, ndipo mlembi akhale pomwepo mpaka ataona ndi maso ake kuti kaundula wa alimi watseguka ndipo lisiti loyamba lasindikizidwa.