Moyo wa pa Chombo cha Nkhondo ndi Kalata ya Kumudzi

Nkhani ya mwezi uno ndi ya asilikali a panyanja a dziko la Britain, amene gulu lawo litchedwa Royal Navy. Ambiri a inu simunaioneko nyanja ya mchere, ndipo kapena mufunsa kuti, “Nanga za zombo za nkhondo zitikhudza bwanji ife a kumtunda?” Koma palibe mudzi umene ulibe mwana wake kutali. Wina ali ku Joni, wina ku Harare, wina ali ku usilikali. Chimene chisunga mtima wa munthu wa pa chombo ndi chomwechonso chimene chisunga mtima wa mwana wanu kuchilendo, ndicho mawu ochokera kwawo.

Mudzi woyandama

Chimodzi cha zombo zazikulu za Angerezi ndi HMS Queen Elizabeth, chimene chinalowa ntchito m'chaka cha 2017. Kulemera kwake ndi matani 65,000, ndipo kutalika kwake kuposa mapazi 900. Inu amene munakwerapo Ilala pa Nyanja ya Malawi, taganizani zombo zisanu zonga Ilala zitandondozana, koma zisanafikebe kumapeto kwake. Pamwamba pake mpathyathyathya ngati bwalo la mpira, pakuti ndi pamene ndege za nkhondo zinyamukira ndi kutera. Ndegezo zikakhalapo pamodzi ndi anthu ake, chombochi chikhoza kusenza anthu okwana 1,600.

Anthu onsewa sagwira mfuti okhaokha ayi. Alipo ophika, madokotala, anamwino, amakanika, akalaliki, apolisi, ngakhalenso mbusa wotsogolera mapemphero. Kuyambira m'chaka cha 1990 akazi nawonso aloledwa kugwira ntchito pa zombo za nkhondo za Britain. Madzi akumwa sachita kukatunga: makina a m'chombo momwemo achotsa mchere m'madzi a m'nyanja. Buledi aphika momwemo. Mafuta ndi zakudya zikachepa, chombo china chonyamula katundu chifika pambali, ndipo ziwirizo ziyenda pamodzi pamene mafuta ali kudutsa m'mipope ndi katundu pa zingwe. Motero chombo chikhoza kutha masabata ambiri osaima pa doko.

Malo ogona ndi opanikiza. Kale amalinyero ankagona m'machila opachika, amene m'mawa ankapindidwa kuti malowo akhale podyera. Makono agona pa timabedi tosanjikizana, ndipo katundu yense wa munthu ayenera kukwana m'kakabati kamodzi. Pokhala payekha palibe, kupatula kabedi kakeko atatseka kansalu. Pamenepo mpamene ambiri amata zithunzi za akazi awo, amuna awo, ana ndi makolo.

Ulonda wa usana ndi usiku

Chombo sichigona. Mwambo wakale wa amalinyero ugawa tsiku m'maulonda a maola anayi anayi, ndipo belu linkaimbidwa pa theka lililonse la ola, kufikira kasanu ndi katatu, ndiko kutha kwa ulonda. Koma ulonda woyamba 4 koloko madzulo kufika 8 koloko udulidwa pakati, kukhala maulonda awiri a maola awiri awiri. Nzeru yake ndi iyi: maulonda akakhala asanu ndi awiri pa tsiku, munthu amene walonda pakati pa usiku lero salondanso nthawi yomweyo mawa. Tulo toipa tigawidwa kwa onse mofanana.

Adani oyamba a chombo ndiwo moto ndi madzi. Kumudzi nyumba ikapsa anthu athawira panja, koma panyanja kulibe kothawira. Chifukwa chake aliyense, wophika ndi kalaliki yemwe, aphunzira kuzima moto ndi kutseka chiboo chimene madzi ali kulowera, ndipo ayesezera zimenezi kawirikawiri. Pamenepa akulu ananenetsa kuti mutu umodzi susenza denga. Nchifukwa chakenso mwambo wa zaka zambiri wopatsa amalinyero kachasu wa ramu tsiku ndi tsiku unathetsedwa pa 31 Julayi 1970: makina a zombo zatsopano afuna munthu wa mutu wabwino.

Pa 22 Meyi 2021 HMS Queen Elizabeth chinanyamuka pa doko la Portsmouth, pamodzi ndi zombo zina zochiperekeza. Chinadzera ku nyanja ya Mediterranean ndi ngalande ya Suez, chinaoloka nyanja ya India, mpaka chinakafika ku Japan, ndipo chinabwerera pa 9 Disembala. Inali nthawi ya mliri wa Covid-19. Nthendayo inalowa m'chombo, ndipo pa madoko ena amalinyero sanaloledwe kuyenda momasuka kumtunda. Miyezi yoposa isanu ndi umodzi ndi nthawi yaitali: mwana amene anasiyidwa ali kukwawa apezeka ali kuyenda, ndipo mwina atate wake sawadziwanso.

Kobiri limodzi la kalata

Boma la Britain linazindikira kalekale kuti msilikali wodera nkhawa za kwawo sagwira bwino ntchito. M'chaka cha 1795 linaika malamulo awiri. Loyamba linalola amalinyero kupatula gawo la malipiro awo kuti mkazi, ana kapena mayi azilandira kumudzi mwini wake ali panyanja. Lachiwiri linalola amalinyero ndi asilikali wamba kutumiza kalata ndi kobiri limodzi lokha, mkulu wawo atasainapo pamwamba, pamene anthu ena ankalipira mtengo wokwera. Komabe masiku amenewo zombo zinali za matanga, ndipo kalata inkatha miyezi panjira. Munthu ankawerenga kuti mwana ali kudwala, osadziwa ngati pofika tsikulo anachira kapena anamuika kale.

Panalinso mayi wina wa ku England, dzina lake Agnes Weston, amene anaona kuti amalinyero ambiri analibe wowalembera. Iye anayamba kulemba kalata ya mwezi ndi mwezi, imene inkasindikizidwa ndi kutumizidwa ku zombo. M'chaka cha 1876 anatsegula nyumba yopumuliramo amalinyero ku Devonport. Pamene anamwalira mu 1918, asilikali a panyanja anamuika ndi ulemu wonse wa chisilikali. Bungwe lotchedwa ndi dzina lake likalipo, ndipo ina ya ntchito zake ndi yokondweretsa: atate kapena mayi amene ali pafupi kunyamuka awerenga nthano, mawu ake ajambulidwa, ndipo ana amvera mawuwo madzulo pokagona nthawi yonse imene kholo lawo lili kutali.

Positi ya asilikali ikalipobe, ndipo itchedwa BFPO. Chombo chilichonse chili ndi nambala yake. Abale alemba dzina la munthu, dzina la chombo ndi nambalayo, osasowa kudziwa kumene chombocho chili. Matumba a makalata atsata chombo ku doko limene chikaime, kapena afika pa helikoputa. Tsiku la positi ndi tsiku la chimwemwe kwa onse, kupatula munthu amene dzina lake silinaitanidwe.

Chombo chikakhala chete

Makono kuli imelo ndi lamya zodzera pa setilaiti, kotero kuti munthu akhoza kumva mawu a mkazi wake ali pakati pa nyanja. Koma njirazi sizitseguka nthawi zonse, ndipo zifukwa zake ndi ziwiri. Choyamba, chombo chimene chili kutumiza mawu pa wailesi chikhoza kumvedwa ndi adani, nadziwa pamene chili. Kaputeni akaona kuti nkofunika kubisala, alamula kuti zonse zitsekedwe. Ndiponso amalinyero saloledwa kuuza ngakhale abale awo kumene chombo chili kupita kapena tsiku limene chidzafike.

Chifukwa chachiwiri nchachifundo. Munthu akavulala kwambiri kapena kumwalira, lamya ndi imelo za anthu onse zitsekedwa kufikira abale a munthuyo atauzidwa ndi mthenga wa Boma amene afika pakhomo pawo. Cholinga chake nchakuti mayi asamve za imfa ya mwana wake kwa anthu a m'njira kapena pa Facebook. Mabanja a amalinyero aphunzitsidwa kuti chete wa masiku angapo sindiye tsoka, pakuti uthenga woipa ukanakhalapo wokhudza iwo, akanayamba ndi iwo kuumva.

Mawu 120 pa sabata

Moyo wovuta koposa ndi wa amalinyero a zombo zoyenda pansi pa madzi. Britain ali nazo zinayi zonyamula mabomba a atomu, maina ake Vanguard, Victorious, Vigilant ndi Vengeance, ndipo kwawo kwa izo ndi ku Faslane m'dziko la Scotland. Kuyambira mu Epulo 1969, chombo chimodzi cha mtundu wotere chikhala chili panyanja nthawi zonse, chobisika. Anthu ake, amene aposa 100, saona dzuwa ulendo wonse. Mpweya wopuma ndi madzi akumwa makina atenga m'madzi a m'nyanja. Ambiri agwira ntchito maola asanu ndi limodzi, napuma asanu ndi limodzi, ndipo masiku a sabata awazindikira ndi ndiwo: nsomba ndiye kuti Lachisanu, nyama yootcha ndiye kuti Lamulungu. Kale ulendo unkakhala wa miyezi ngati itatu, koma mu Malichi 2025 chombo china chinabwerera chitatha masiku oposa 200.

Chombo chotere chikhoza kulandira mawu a pa wailesi, koma sichitumiza, kuopa kudziulula. Tsono banja lililonse liloledwa kutumiza uthenga wa mawu 120 pa sabata, umene utchedwa familygram. Yankho palibe. Mkazi alemba sabata ndi sabata kwa mwamuna amene sangamuyankhe, osadziwa nkomwe ngati ali kumpoto kapena kummwera. Uthengawo uyamba wawerengedwa ndi akuluakulu usanaperekedwe, ndipo mukakhala nkhani ya maliro kapena ya matenda aakulu, kaputeni akhoza kuisunga kufikira ulendo uli pafupi kutha. Ena ayesa zimenezi nkhanza. Koma chombocho sichingabwerere chifukwa cha munthu mmodzi, ndipo munthu wosweka mtima, amene sangathe kupita ku maliro kapena kulankhula ndi abale ake, asauka koposa ndipo akhoza kulakwitsa ntchito imene moyo wa anzake udalira.

Wolemba mawu 120 aphunzira msanga kusataya mawu. Moni wautali alibe malo. Alemba kuti mwana wamera dzino, wamkulu wakhoza mayeso, denga lija linkadontha lakonzedwa, agogo ali bwino, timu yake ya mpira yapambana. Nkhani zazing'ono zoterezi ndizo zimene munthu wa pansi pa madzi awerenga kawiri, katatu, nazisunga pansi pa pilo.

Kubwera nakonso kuli ndi mavuto ake. Amene anatsala pakhomo wasenza yekha za ana, za ndalama ndi za matenda kwa miyezi yambiri, ndipo wazolowera kulamula yekha. Wobwerayo wazolowera belu ndi malamulo a m'chombo. Mabanja alangizidwa kuti aleze mtima masabata oyamba, ndi kuti wobwera asafike ndi kusintha zonse tsiku limodzi, koma ayambe wayamika amene anasunga mudzi.

Phunziro kwa a m'midzi

Inu amene muli ndi mwana kapena mwamuna kutali, mukanapatsidwa mawu 120 okha, mukanalemba chiyani? Makalata ndi mauthenga ambiri ochokera kumudzi ayamba ndi dandaulo natha ndi pempho la ndalama. Munthu amene alandira zokhazokhazo afika poopa lamya yake ikalira, ndipo pang'ono ndi pang'ono aleka kuyankha. Pempho likhalepo pamene lifunika, koma muuzeninso kuti chimanga chakula bwanji, mbuzi yake yaswa, mwana wake ali kuwerenga yekha. Lembani nthawi ndi nthawi, ngakhale yankho lichedwe, pakuti kuchedwa kwa yankho nthawi zina kuli chifukwa cha ntchito, osati kuiwala.

Uthenga wa maliro usayambe kuulutsidwa pa WhatsApp mwini wake asanamve. Upite mwaulemu, monga mwa mwambo, kudzera kwa munthu wamkulu amene ali pafupi naye, woti akhoza kukhala naye pansi ndi kumtonthoza.

Inu amene muli kutali, kumbukirani lamulo la 1795. Patulani gawo la malipiro lopita kumudzi mwezi uliwonse, ngakhale likhale lochepa, ndipo pamodzi ndi ndalamazo tumizaninso mawu. Chibale ndi fupa sichiola, koma mwana sadziwa kholo limene salimva.

Ndipo inu aphunzitsi, thandizani nkhalamba za m'mudzi zimene sizitha kulemba kapena kugwiritsa ntchito lamya. M'kalasi, yesani kuuza ana kuti aliyense alembe kalata ya mawu 120 kwa mbale wake amene ali kutali, muli nkhani zitatu za pakhomo. Akatha muwakonzere zolakwa, ndipo makalatawo asatsalire m'makope: atumizidwe kwa eni ake.