Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku Lodzala Mitengo ku Ntchisi



Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo chaka ndi chaka timathamangira bulugama. Ine ndikuti pabwalo pa nyumba dzalanipo makademiya. Mtengowu kwawo ndi ku Australia, koma umakonda malo okwera ndi ozizirirako ngati mapiri athu ano. N'chifukwa chake maesiteti a ku Thyolo akhala akuulima kwa zaka zambiri. Suyoyola masamba. Okutobala akafika, dzuwa likuswa mtengo, pamakhala pokhalira, ndipo mtedza wake ukauma bwino umasungika miyezi, pomwe mango amaolera pansi tikuwaona.

Ena akuti umachedwa. Zoona, wofesa kuchokera ku njere angadikire zaka 7 kapena kuposa, koma mbande yomezanitsa imayamba kubereka pakatha zaka 4 kapena 5, n'kumaberekabe mpaka adzukulu. Abambo amene mukugwedeza mitu kumbuyoko, nkhuni zimene mudadula m'nkhalango ya Ntchisi zidakula m'chaka chimodzi? Ena akuti mtengo wa mtedzawu pamsika wa kunja udagwa mu 2023. Udagwadi, ndipo amene adadzala munda wonse adamva kuwawa. Koma mitengo iwiri pakhomo siilanda malo a chimanga, siifuna ngongole ngati fodya, ndipo ogula akavuta, ana amaswa ndi mwala n'kudya mafuta omwe mukanagula kugolosale. Agalu okha musawapatse, umawadwalitsa.

Pomwe timalephera m'posamala. Timadzala pamaso pa kamera, mawa mbuzi zadya. Tchingirani mbande, phimbirani tsinde ndi udzu koma usakhudze khungwa kuopa chiswe, thirirani m'chilimwe choyamba, ndipo dzalani kutali ndi khoma chifukwa nthambi zake zimathyoka ndi mphepo. Mtedza ukagwa, tolani ndi kuchotsa khoko lobiriwira tsiku lomwelo, muyanike pamthunzi.

Alangizi, mbande zomezanitsa zifike m'midzi mvula isanathe. Mafumu, za mbuzi zoyendayenda ndakusiyirani.