APOLISI NDI ANTHU A M'MIDZI: MAU OLANKHULIDWA PA MSONKHANO WA PACAKA



Nkhani imene iri pamaso pa msonkhano uno ndiyo ya apolisi, ndi funso limene mamembala a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma akhala akufunsa: kodi wapolisi akalakwira munthu wa kumudzi, munthuyo akadandaule kwa yani?

Polisi ya dziko lino inakhazikitsidwa m'caka ca 1921, ndipo pa zaka zambiri anthu anaiona monga ndodo ya Boma, yoyenera kuithawa. Ufulu wa zipani zambiri utabwera m'caka ca 1994, malamulo akuru a dziko ananena kuti munthu womangidwa aonekere ku bwalo la mirandu asanathe maora 48. M'caka ca 2010 kunabwera lamulo latsopano la apolisi, limene linalamula kuti pakhale bungwe loima palokha, la Independent Complaints Commission, lofufuza madandaulo a anthu pa apolisi. Koma zaka khumi zinapita bungwelo liri pa pepala pokha.

Cimene cinalidzutsa cinacitika m'dera lomwe lino. Pa 8 October 2019, dziko liri pa mkangano wa cisankho ca caka cimeneco, anthu anatseka mseu wa ku Mchinji pa Msundwe, ndipo pa cipwirikiti cimeneco anapha ndi miyala mkuru wa apolisi, Superintendent Usumani Imedi. Ici cinali coipa cacikuru, ndipo palibe munthu wanzeru angacikometse. Koma apolisi amene anatumidwa kukabweza mtendere analowa m'nyumba za anthu ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika, nagwirira amai ndi atsikana osalakwa. Bungwe la Malawi Human Rights Commission linafufuza, nilitsimikiza kuti zoipazo zinacitikadi.

Amai 18 anakana kubisa manyazi amene sanali ao. Mothandizidwa ndi Women Lawyers Association anatengera mlandu ku Bwalo Lalikuru, ndipo mu August 2020 woweruza, Bwana Kenyatta Nyirenda, analamula kuti alipidwe cipepeso, kuti apolisi okhudzidwa amangidwe, ndi kuti bungwe la madandaulo lija likhazikitsidwe msanga. Pambuyo pace Bwana Christopher Tukula anasankhidwa kukhala mkuru wace woyamba, ndipo m'caka ca 2021 bwalo linachula cipepeso coposa K100 miliyoni pamodzi. Kotero khomo limene Amalawi onse angagogodepo linatsegulidwa ndi kulimba mtima kwa amai a m'midzi ino.

Tsono maganizo a anthu ali otani? Iwo safuna kuti polisi ithe, iai. Mlimi amene ng'ombe zace zabedwa usiku, kapena amene walandidwa ndalama za fodya pa njira, afuna wapolisi wofika msanga. Cimene afuna ndi zinthu zitatu.

Coyamba, kuti wolakwa ayankhe yekha. Cipepeso cicokera ku misonkho ya anthu onse, pamodzi ndi olakwiridwawo. Koma mlandu ndi wa munthu amene anaucita, ndipo mlandu suola. Kumsamutsira ku polisi ina sicilango ai.

Caciwiri, kuti njira yodandaulira ifike kumudzi. Mai wa ku Kabudula wopanda ndalama ya ulendo, ndi wosadziwa Cingerezi, sapindula kanthu ndi ofesi ya mu mzinda ngati ofufuza ace safika kwao.

Cacitatu, kuti ziphuphu zazing'ono zithe. Belo ya ku polisi ndi yaulere mwa lamulo; komabe alipo anthu amene agulitsa mbuzi kuti aombole mbale wao, cifukwa sanauzidwe ici. Wosauka akaona mbala yabwerera kumudzi m'mawa mwace, ayesa kuti ndalama yalankhula, ndipo tsiku lina mudzi uweruza wokha ndi miyala ndi moto.

Pamenepa pali mbali ya anthu eni. Mudzi wofuna kuti wapolisi amvere lamulo uyenera kuyamba kulimvera ndiwo. Magulu a citetezo ca m'midzi agwire wakuba, ampereke ku polisi wamoyo ndi wosamenyedwa. Munthu akazunzidwa ndi wapolisi, asunge tsiku, malo, dzina kapena nambala ya wapolisiyo, ndi kalata ya ku cipatala. Pakuti mlandu wopanda umboni ufera pa njira. Mafumu aperekeze odandaula, makamaka amai, kuti asamayende okha ndi mantha.

Cifukwa cace msonkhano uno upemphedwa kuika nkhani imeneyi pa nchito za caka cikudzaci: kuti nthambi iriyonse iitane mkuru wa polisi wa dera lace ku bwalo la mfumu, amve madandaulo a anthu pamaso pa onse, ndi kuti mlembi alembe zimene walonjeza, ziwerengedwe pa msonkhano wa caka camawa.