Kupatsa Mpata Mau a Wotsutsa: Nkhani Yokambidwa pa Msonkhano wa Aphunzitsi ku Kapata



Tsiku lina ndinapatsa ana a Giredi 7 mutu uwu: kodi nkwabwino kulipira mwana ndalama akakhoza mayeso? Onse anabvomera ndi mtima umodzi, ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene analemba maganizo a munthu wokana. Pamenepo ndinazindikira kuti colakwa cinali canga, pakuti sindinawaphunzitse kuti pa bwalo la mfumu mlandu suweruzidwa wodandaula yekha atalankhula.

Cimene ndiwaphunzitsa tsopano ndi ici: lemba maganizo ako, kenaka lemba mau a wotsutsa mwacilungamo monga iye mwini akadawanenera, ndipo potsiriza umuyankhe ndi umboni.

Mwana wobvomera ndalama ayenera kudziwa umboni womutsutsa. Kuyambira 2007, Roland Fryer wa ku Harvard anayesa zimenezi m'masukulu a ku America. Ku New York ndi ku Chicago, kumene analipira ana cifukwa ca malikisi, zotsatira za mayeso akulu sizinasinthe kwenikweni. Ku Dallas, kumene anawapatsa madola 2 pa buku liri lonse lowerengedwa, ana ambiri anapita patsogolo pa kuwerenga. Cifukwa cake ncomveka: mwana adziwa kutsegula buku, koma sadziwa njira yopezera malikisi.

Naye wokana ndalama ali ndi womutsutsa. Ku Zomba, m'Malawi, mu 2008 ndi 2009, atsikana ndi makolo ao analandira ndalama mwezi ndi mwezi ngati mtsikana afika kusukulu mokhulupirika, ndipo osiya sukulu anacepa. Koma mwana wocenjera adzaona kuti kumeneko analipira kufika kusukulu, osati kukhoza mayeso. Cotero umboniwo uli ndi malire ake, ndipo ayenera kuwachula.

Anzanga, ana athu a m'Kapata mawa adzakhala pa mabwalo ndi m'misonkhano, kumene adzakumana ndi anthu osabvomerezana nao. Amene sanazolowere kumva mnzake adzangokweza mau. Cotero ndikupemphani kuti pocongera nkhani zao tifunse mwana ali yense kuti, "Nanga wokana akuti ciani, ndipo wamuyankha bwanji?" Ngati ndalakwa pena, akulu anga mundikonze.