DIMBA NDI MAULENDO A M'CILIMWE

(Mau amene Wofalitsa Nkhani wa Boma anakamba kwa alimi a madimba a kufupi ndi Chipata)



Sindinadze kuno kudzakuphunzitsani kagwiridwe ka khasu, pakuti ambiri a inu munayamba kulima ine ndisanabadwe. Ndadza ndi nkhani imodzi imene ndiiona caka ndi caka m'mbali mwa Lutembwe ndi Lunkhwakwa, ndiyo ya madimba amene auma eni ace ali ku ulendo.

Tonse tidziwa kuti cimanga cikalowa m'nkhokwe, nshawa zikagulitsidwa, mitima ya anthu imasuka. Ndiyo nthawi ya maukwati ndi zinamwali, ya kukaona mwana amene anakwatiwa ku Lundazi, kapena amalume a ku Mchinji kutsidya kwa Mwami. Loweruka lotsiriza la August anthu ambiri-mbiri apita ku Mkaika, ku Katete, ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Ine sindiletsa zimenezi, iai. Munthu wosayendera anzace adzasowa womkumbira manda. Koma taonani kuti nthawi yomweyi ndiyo imene dimba lifuna mwini wace koposa. M'August muli mphepo youmitsa nthaka, m'September ndi m'October dzuwa liomba ngati moto. Mfutso wa m'zikwatu uli kutha, ndiwo za kuthengo kulibe, ndipo mvula siyembekezeka kufikira November. Dimba likafa pa miyezi imeneyi, ana adyera nsima mcere, kapena mai agulitsa nkhuku kuti akagule ku Kapata repu yemwe akadathyola kuseri kwa nyumba.

Simunaiwale caka ca 2024, pamene mvula inaleka cimanga ciri kumasula, ndipo pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Caka cimeneco mabanja ambiri anaona kuti dimba si masewera a akazi, monga anena amuna ena, koma nkhokwe yaciwiri.

Ndikuuzeni za azakhali anga. Caka cina iwo anaoka repu ndi matimati Lacitatu, napita ku Kulamba Lacisanu. Anati adzabwera Lolemba. Koma inu mudziwa macezedwe athu: uyu ati mugone, uyo ati simungapite osaona khanda, wina waphika thobwa. Anatha masiku khumi. Dimba anasiyira mdzukulu wa zaka khumi ndi ziwiri, ndipo pobwera anapeza mbande zonse zagona pansi, zotsala mbuzi zadya. Mwanayo anamkalipira kwambiri. Ine ndinena kuti mwana analibe mlandu, ndipo tiyeni tiwerenge pamodzi kuti muone cifukwa cace.

Bedi lotambalala mita imodzi, lotalika mamita 10, lifuna madzi okwana makeni asanu kapena asanu ndi awiri tsiku liri lonse pa nthawi yotentha, ngati keni yanu ilowa malita 10. Munthu wa mabedi khumi ayenera kutunga makeni ngati 60 pa tsiku. Kodi mwana wopita ku sukulu m'mawa angathe nchito yotere? Iye angowaza pamwamba kuti nthaka ide, agogo akabwera aone ngati pathiriridwa. Madzi owaza motero salowa pansi, mizu itsata pamwamba, ndipo dzuwa la masana liitentha.

Tsono cinthu coyamba ndico kuwerenga masiku. Repu akhala pa nazale milungu inai, matimati milungu inai kufikira isanu ndi umodzi. Mbande zikaokedwa zifuna madzi tsiku ndi tsiku kwa mlungu umodzi kapena iwiri kufikira zitagwira. Tsiku la Kulamba lidziwika kale, la ukwati amakuuzani mwezi usanafike. Cifukwa cace fesani mowerengera kuti kuoka kucitike milungu itatu musananyamuke, kapena mutabwerako. Ndiwo zimene zagwira kale zingathe kupirira masiku awiri kapena atatu; mbande za dzulo sizipirira ngakhale tsiku limodzi.

Kunena za kusunga cinyontho, m'cilimwe mabedi akhale olowa pansi ngati mbale, osati okwera monga ticita m'dzinja, kuti madzi asathawe. Thirani manyowa owola bwino, pakuti nthaka ya manyowa igwira madzi. Ndipo phimbirani ndi udzu wouma kapena makoko a nshawa, mocindikala ngati zala zinai, koma osakhudzitsa tsinde cifukwa ca ciswe. Ndimva cisoni ndikaona udzu wonse wa m'dambo utapserera alenje a mbewa atayatsa moto, pamene pafupi pomwepo pali dimba la nthaka yong'ambika. Madzulo a tsiku lomaliza thirirani kwambiri kuti madzi alowe pansi ndithu. Muyendenso ndi mpanda wonse, pakuti nthawi ino ng'ombe ndi mbuzi ziyenda zokha, ndipo mbuzi iona kaboo kamene mwini wace sakaona.

Wosiyira dimba akhale munthu wamkulu, makamaka mnansi amene dimba lace ligundana ndi lanu. Mupangane poyera: iye athirire, athyoleko ndiwo za banja lace masiku amenewo, ndipo tsiku la ulendo wace inu mudzacita cimodzi-modzi. Repu afuna kuthyoledwa, kotero simutaya kanthu. Ena acita manyazi kupangana motere, ati n'kucepetsa cibale. Koma kukangana kwa pambuyo ndiko kucepetsa cibale koposa. Ndipo ngati m'nyumba muli akulu awiri, si lamulo kuti onse apite tsiku limodzi.

Tsopano ndinene za zimene tibwera nazo kucokera ku maulendo, pakuti apa pali bvuto limene ambiri salidziwa. Mwaceza kwa mnzanu ku Chadiza, mwaona matimati ace okongola, iye mwa ufulu wace akuzulirani mbande, nazikulunga m'tsamba la nthoci pamodzi ndi dothi lace. Mphatso yabwino, inde. Koma musanaoke tsukani mizu ya mbande ziwiri kapena zitatu muione. Mukapeza mizu yotupa-tupa ngati mikanda, dziwani kuti muli tinyongolotsi tosaoneka ndi maso. Timeneti tikalowa m'dimba lanu tikhala m'nthaka zaka zambiri, ndipo matimati, impwa ndi therere zidzafota masana ngakhale mwathirira. Onaninso masamba. Ngati ali ndi mawanga oyera oonekera kuwala, mkati mwace muli kambozi kochedwa Tuta absoluta. Kameneka kwao ndi ku South America, ndipo kanaoneka m'Zambia m'caka ca 2016, nikaononga matimati ambiri. Kayenda ndi mbande, ndi zipatso, ndi mabokosi onyamulira. Mbande zotere zitentheni, musacite nazo cisoni. Mnzanuyo simuyenera kumnyoza. Mumuuze mwaulemu tsiku lina, pakuti nayenso afuna kudziwa cimene cidya mbeu zace.

Kunena zoona, mphatso yoposa mbande ndiyo njere zouma: za cibwabwa, bonongwe, luni, nyemba ndi khobwe. Izi zilibe dothi, sizifota pa njira, ndipo ndi ndiwo zathu zimene zipirira dzuwa kuposa kabici.

Palinso za alendo amene adza kwa inu. Mwambo wathu ndi kumtengera mlendo ku dimba kuti akaone nchito ya manja athu. Ngati mlendoyo akoka fodya kapena afwenkha, mpatseni madzi ndi sopo asambe m'manja asanagwire matimati, pakuti pali nthenda ya fodya imene ipita ku matimati ndi tsabola pa zala za munthu, nicititsa masamba mawanga ndi kupota. Iye adzaseka, koma mulekeni aseke.

Cimene ndiopa koposa ndi ici. Mlendo wafika mwadzidzidzi, m'nyumba mulibe ndiwo, ndipo mai athamangira ku dimba kukathyola repu amene bambo anapopera mankhwala dzulo. Kapena popita ku ulendo tithyola mtolo waukulu wokapatsa acibale, osakumbukira tsiku limene tinapopera. Pa botolo liri lonse analembapo masiku oyenera kudikira musanathyole. Kutsuka ndi kuphika sikucotsa mankhwala onse. Bambo akapopera auze a m'nyumba onse, ndipo azike kamtengo ka nsanza yofiira pa bedi limenelo kufikira masiku atakwana. Ndi bwino kusiya bedi limodzi losapopera konse, la bonongwe kapena kholowa, kuti mlendo ndi ana adyepo nthawi iri yonse.

Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mukapita koceza, musathere nthawi yonse pa mphasa. Pemphani kuti akuonetseni dimba, muone makumbidwe a citsime cao, mipata ya mbeu zao, ndi mtundu umene wacita bwino. Mukaona nthenda imene simuidziwa, kwanu kapena kwa mnzanu, thyolani tsamba, muliike m'pepala, mupite nalo kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu. Iye akalephera adziwa njira ya ku Msekera, kumene kuli akatswiri oyesa mbeu.

Ndaona amai ena ayamba kuyang'ana dzuwa, ndipo ndidziwa kuti makeni ali kudikira ku dambo. Amene ali ndi funso aimirire tsopano.